Bokosi la Aprofesora M'mwamba mwa Mbawa

Pasukulu yathu ya sekondale ku Milange, chinthu chikapezeka pamalo osayenera, adirekitori safufuza. Amangotuma mwana kuti akandiitane. Ndine ndinathira chitedze pampando wa aphunzitsi a Chipwitikizi, ndinenso ndinamangirira mbuzi kuchingwe cha belu. Mayi anga amati mtsikana wokwera mitengo sakwatiwa. Ine ndimati zili bwino, amunawo ndiziwaonera pamwamba.

Aprofesora a fizika okha sindinawachitepo kanthu. Anabwera ali achitsikana, ongotuluka kumene kukoleji, ndipo atapeza kuti labu yathu ndi mosungira makasu, sanadandaule. Anapita kwa okonza njinga kumsika n'kukapempha malimu otha ntchito. Anatisonyeza kuti ukakoleka limu pamtanda n'kudutsitsa chingwe m'ngalande yake, katundu amakumvera, ndipo ukawonjezera limu lina amapepuka. Ankati dzina lake ndi rodana. Tsiku limenelo kamnyamata kowonda kuposa tonse kanakweza thumba la chimanga mpaka kudenga, ife kukamwa kuli yasa.

Kenako kunabwera tabela, ndondomeko yatsopano ya malipiro a antchito a boma. Pawailesi ankaitama, ndipo aphunzitsi ena akuluakulu anayamba kuyenda mwamatama. Achinyamata anapezeka ali pansi, poti zaka zawo pantchito zinali zochepa. Wa masamu anapita kukagulitsa zitenje kumalire, wa bayoloji anangozimirira ngati mame. Aprofesora athu a fizika anaitanidwa ndi kampani ina yoika magetsi a dzuwa ku Mocuba. Anatiuza okha, osabisa, kuti ali ndi azing'ono awo ofuna sukulu, ndipo choko sichidyedwa. Mayeso anali pafupi, ndipo tinkadziwa kuti akachoka, fizika yathera pomwepo.

Tsiku lonyamuka anasiya pakhonde bokosi lawo lachitsulo lodzaza mabuku, n'kulowa kukatsanzika adirekitori. Adirekitori athu akayamba kulankhula, ukhoza kutereka nyemba zouma mpaka kupsa. Chingwe ndinali nditabwereka kale kwa malume anga, onyamula katundu pa Muloza. Ndinakwera mumbawa ya pabwalo, malimu ali m'khosi ngati mikanda. Ndinawakoleka monga anatiphunzitsira, koma bokosi linakana. Ndiye ndinawonjezera lina pambali, lakumutu kwanga, n'kutsika, anzanga n'kukoka. Bokosi linanyamuka mwakachetechete, likuzungulira pang'onopang'ono, mpaka linakaima pakati pa masamba, phiri la Tumbine lili kumbuyo kwake. Ngakhale ine mwiniwake tsitsi linandiima.

Chapa, kaminibasi ka ku Mocuba, kanafika pageti n'kuyamba kuliza hutala. Aprofesora anatuluka, n'kuyang'ana pakhonde, kenako n'kutsata maso athu m'mwamba. Adirekitori anali atatchula kale dzina langa. Koma aprofesora sanakalipe. Anazungulira mtengowo, mutu uli chagada, akutsata chingwe ndi chala m'malere. Atafika pa limu langa lija anaima.

"Ili ndani anakuphunzitsa, iwe?"

"Palibe, aprofesora. Mabuku anu ndi olemera."

Kondakitala anakuwa kuti amayi akwere kapena atsale, iye alibe nthawi yoonerera masewero. Iwo anagwira chingwe ndi dzanja limodzi, n'kutsitsa bokosilo bwinobwino ngati akugoneka khanda. Mtima wanga unatsika nalo limodzi. Litatsala pang'ono kugunda pansi, anandipatsa chingwecho.

"Kwezanso. Sindinaone bwino."

Ndinakweza. Anandiuza kuti nditsitse, ndikwezenso, n'kuyamba kufunsa kalasi yonse chifukwa chake limu lapambali lathandiza. Anthu anayamba kutsutsana, ena akujambula pansi ndi timitengo. Hutala inalira mpaka kutopa. Sindinaone nthawi imene chapa chinachoka, ndinangoona fumbi, ndipo iwo sanacheuke n'komwe. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene ali pa Misa.

Tabela ija sinasinthe. Aprofesora anauza akampani kuti adikire mayeso athe, ndipo ife anatichenjeza kuti tisanyade, nkhani ya azing'ono awo ikadalipo. Ine adirekitori anandipatsa khasu kuti ndikumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa labu. Ndinalikumba ndikuimba, lakuya kuposa limene anapempha. Dothi lake ndinkalitulutsa ndi ndowa, chingwe ndi malimu, aprofesora ataima pamphepete, akundiuza kuti ndakoleka mokhota.