Alamu Anga a Kokila ndi Kachubu Kakumanzere

Alamu anga a Kokila anayeza mkaka wa m'mudzi mwathu zaka 26, ndipo sindinamvepo munthu akudandaula kuti anamubera ngakhale dontho. M'mawa uliwonse amayi tinkandanda ndi zigubu za mkaka wa njati zathu zoweta, iwo atakhala pampando wa simenti umene anawaumbira chifukwa yamatabwa inkangothyoka. Ankangosuzumira m'chigubu n'kukuuza kuti njati yako ikudwala, iwe mwini wake usanadziwe. Ukathiramo madzi sankakalipa. Ankangokufunsa modekha ngati njati yako yagona pamvula. Ine funso limeneli linandigwerapo kamodzi, ndipo manyazi ake sanathebe.

Chimene chinkawazunza ndi thupi. Anafika makilo 128, shuga n'kubwera, maondo n'kuyamba kukana. Pa zithunzi za maukwati a m'banja mwathu mulibe nkhope yawo, chifukwa wojambula akangotulukira iwo ankakumbukira ntchito ya kukhitchini. Kenako anakawachepetsa chifu kuchipatala cha m'tauni ya Anand, ndipo m'zaka ziwiri theka la thupi linapita. Linatsala ndi khungu, likulendewera mpaka m'ntchafu ngati epuloni, ndipo nthawi yotentha kunsi kwake kunkabuka zilonda. Adokotala anati alidula.

Iwo ankafuna kuti zonsezi zithe ukwati wa Dhruvi, mtsikana amene ndi mwana wawo yekhayo, usanafike. Koma anapezeka ndi magazi ochepa, opaleshoni n'kukankhidwira kutsogolo. Tsiku la ukwati linali litasankhidwa kale ndi wansembe poona nyenyezi, ndipo limenelo silisuntha. Anawadula kutatsala masiku 18.

Anabwera kunyumba ndi timachubu tiwiri totuluka m'munsi mwa mimba, kalikonse kali ndi kabotolo kofewa kamphira kolandira madzi a pachilonda. Ine kungoona ndinachita nseru, sindibisa. Iwo ayi. Katatu pa tsiku ankasamba m'manja, kutsina kachubu pafupi ndi khungu, kukakama ndi zala ziwiri kutsikira kukabotolo, kukhuthulira madziwo m'kapu ya mizere n'kuikweza kuti mzere ulingane ndi maso. Asanatseke ankafinya kabotoloko kuti kazikoka. Nambala ndi mtundu wa madzi ankalemba m'kope lakale la Dhruvi. Amuna awo, achimwene anga a Raman, ankaseka kuti m'khola muli njati zitatu koma m'nyumba mwabwera yachinayi yodzikama yokha.

Lamulo la adokotala linali limodzi: kachubu katuluka madzi akatsika kusafika mamililita 30 pa tsiku, masiku awiri otsatizana. Kukachotsa msanga, madziwo amaunjikana pansi pa khungu ndipo chilonda chikhoza kuyambiranso. Kakumanja kanamvera, kanachoka sabata itangotha. Kakumanzere kanali ndi mwano: 110, 95, 90.

Apa ndiye panavuta. Mkwati akafika pachipata amamulandira ndi mayi wa mtsikana, amene amamupaka chofiira pamphumi n'kumugwira mphuno, anzake a mkwatiyo akuitchinga ndi mpango, kuti azikumbukira kuti wabwera kudzapempha osati kudzalamula. A Kokila anayamba kulonjeza mphuno imeneyi Dhruvi akadali ku pulayimale. Tsono azakhali athu a Savita, akuluakulu a m'banja, anagamula kuti munthu amene magazi akumutuluka sangaime pachipata ndi mbale yopatulika ya mwambowu. Kachubu kakapanda kuchoka, pachipata paima ine, Manjula. Ndipo kwathu azakhali akanena, nkhani yatha.

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi tinawayesa sari ya ukwati, nsalu yaitali yobiriwira yokulunga thupi. Pitikoti ndinawamanga ndine, ndipo ine ndimamanga monga anandiphunzitsira amayi: chingwe chilowe m'mnofu, mpweya ubanike, kuti sari isakuvule pagulu. Alamu anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, poti chiuno chawo anali asanachione zaka makumi awiri. Sari anavula koma pitikoti anakana, ndipo anakhala nayo usana ndi usiku monga timachitira tonse.

Mawa lake madzi anali 20. Mkuja lake, pofika madzulo, 15.

M'nyumba munali chisangalalo. A Raman anagula maswiti n'kuuza woyendetsa galimoto kuti mawa m'mawa tipita kuchipatala. Ine mtima unakhala pansi, chifukwa malo a alamu angawo sindinkawafuna. Mwini nkhani yekha ndiye anatsala pabedi, kope lili pamiyendo.

"Alamu," anandifunsa, "njati imene dzana yatulutsa malita asanu ndi anayi, lero awiri, mumati yachira kapena yadwala?"

"Inu si njati," ndinayankha, mtima utayamba kale kutentha.

Anagwira dzanja langa n'kuliika kumanzere kwa mimba yawo. Panali potupa, pakugwedera ngati paketi ya mkaka. Kenako anamasula chingwe cha pitikoti, ndipo pansi pa mfundo yanga yeniyeniyo kachubu kanali katapindika n'kuphwatalala. Anakawongola n'kukakama kawiri. Kamagazi kouma konga ulusi kanatsetsereka, kabotolo n'kuyamba kudzaza ife tikuona. Tsiku limenelo madzi anakwana 140.

Zimene ndinanena pamenepo ndimachita nazo manyazi, koma ndizinena. Ndinawauza kuti amangenso chingwecho usiku umodzi wokha. Adokotala amangofuna nambala, ndipo nambala zimene zinali m'kopemo zinali zoona, poti analemba zimene anaona. Kachubu kachoke, ukwati udutse, za kutupazo tidzaziona pambuyo. Ndinafika powakumbutsa kuti mwana ali naye mmodzi, ndipo chipata chimenechi sichidzabweranso.

Analira, osati pang'ono. Atapukuta misozi anati, "Zaka 26 ndakhala ndikubweza amayi anzanga ndi zigubu zawo, inuyo kuphatikizapo. Ndiye lero ndithire madzi mumkaka wanga womwe?"

Foni anaimba okha. Adokotala anati anachita bwino kuzindikira, koma kachubu kakhala. Atatero anaimbiranso mayi a mkwati n'kuwafotokozera zonse, kabotolo ndi madzi omwe, kuti asadzamve kwa ena kuti mayi wa mtsikana wanyoza mwana wawo. Ine ndinkamva zonsezi nditaima pakhomo. Munthu ndinakhala naye nyumba imodzi zaka zambiri, ndinkamuseka ndi mpando wake wa simenti, koma tsiku limenelo ndinamuopa.

Chimene ndikanatha kuchita ndinachita. Ndinasoka kathumba m'kati mwa pitikoti kosungiramo kabotolo, n'kung'amba kampata kodutsa kachubu kuti chingwe chisakakhudzenso.

Tsiku la ukwati a Kokila anakhala pabwalo la m'kati, pampando wamba wapulasitiki, atavala sari yawo yobiriwira. Ine ndinaima pachipata ndi mbale. Mkwati, Jigar, anafika ndi ng'oma ndi anzake, ndipo pamphumi ndinamupaka bwinobwino. Koma mphuno inandikanika. Ndinayesa katatu, anzake atatchinga ndi mpango, iye mwini atawonjezera manja onse awiri, anthu akundiseka kuti ndakalamba. Ndinapsa mtima, chifukwa mkwati waulemu amalola kachitatu.

Anandidutsa. M'malo mopita kuchisakasa cha ukwati analunjika kumpando wa alamu. Azakhali a Savita atatsegula pakamwa, mayi a mkwati anawauza chapansipansi kuti lamulo lawo linali la pachipata, ndipo apa ndi pabwalo. Jigar anagwada n'kuchotsa mpango.

"Amayi, mphuno ndi iyi," anatero. "Ndinasungira eni ake."

Anaigwira. Zala zimene zakama njati moyo wonse sizigwira mosewera, ndipo mnyamatayo anatuluka misozi akuseka. Wojambula anali pomwepo, koma ulendo uno a Kokila sanakumbukire ntchito ya kukhitchini.

Mwambo uli m'kati, nthawi itakwana 2 koloko masana, anandikodola. Tinalowa kuchipinda, anasamba m'manja, kukama kachubu, kukweza kapu kumaso, ng'oma zikulira panja. Kachubuko kanadzachoka patatha masiku ena asanu, chilonda n'kupola popanda vuto. Kope lija ndinalipempha ndipo ndikulisunga. Pamzere wa tsiku la ukwati analembapo 55, madzi achikasu, ndipo m'mbali anawonjezera mawu awiri okha: mphuno yagwidwa.