Mkamwini ku Togdheer

Ndinachoka ku Glasgow chifukwa ndinatopa ndi ukamwini. Mkazi wanga Nabanda ndiye anayamba kubwera kuno kudzasamala okalamba, ine n'kutsatira pambuyo. Nyumba ya ku Easterhouse ili m'dzina lake. Ku Kasungu ndinali mmisiri wa mijigo ndi mainjini opopa madzi. Kuno ndinkakolopa makalasi ku Hillhead.

Warsame, Msomali amene tinayandikana naye nyumba ku Sighthill asanagwetse zinyumba zazitali zija, anandipeza pamalo okwerera basi. Anati injini ya pachitsime cha kwawo, m'chigawo cha Togdheer, yafa, ndipo abale ake asonkha ndalama zoti apeze munthu wodziwa. Ndinavomera pomwepo kupita naye.

Nabanda anati, "Mwana wanu Tiyamike ndi woyembekezera, inu mukunka kuchipululu?"

Ndinati, "Zimenezo ndi za mbumba yanu. Ine ndine tambala wobwereka pano."

Anandisitira malaya.

Togdheer ndi dziko louma. Mzinda wake waukulu, Burao, unamangidwa mbali zonse za khwawa lamchenga limene limayenda madzi mvula ikagwa basi. Kumpoto kuli mapiri. Kummwera, kumene kunali chitsimecho, ndi chidikha cha dothi lofiira ndi mitengo yaminga. Sindinaoneko mzere wa chimanga. Chuma chawo chimayenda ndi miyendo: ngamila, mbuzi, ndi nkhosa zamitu yakuda. Amazigulitsa ku Burao, malole n'kuzitsitsira kudoko la Berbera, zombo n'kupita nazo kwa Aluya. Mayi wogulitsa mkaka wa ngamila amalandira ndalama zake pafoni. Mlendo akafika, amayamba amufunsa kumene waona mvula. Nditawauza kuti ku Glasgow anthu amaitukwana, nkhalamba ina inandiyang'ana ngati ndalavulira m'mbale.

Malipiro anali ochepa. Ndinkatumizabe theka kwa Nabanda, ngakhale iye amalandira zoposa pamenepo. Uthenga wanga unali umodzi: ndili bwino. Sizinali zoona kwenikweni. Ndinkadya mpunga ndi nyama ya mbuzi pakati pa anthu amene sindimva chinenero chawo. Lamlungu ndinkaimba ndekha nyimbo za m'buku kuseri kwa thanki ya madzi.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Kumeneko munthu aliyense amatchula dzina lake, la bambo ake, la agogo ake aamuna, mpaka kutali. Mndandanda umenewo ndiwo umanena chitsime chimene ziweto zake zingamwe, ndi anthu amene angamulipirire mlandu. Tsiku lina tikumwa tiyi pamthunzi, akuluakulu anati nane nditchule makolo anga. Ndinatchula atatu, ndinaima. Ndinafotokoza kuti kwathu ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini wawo ndi malume.

Warsame atamasulira, anaseka onse. Iye anati, "Achimwene, akufunsa kuti nanga ntchito yanu panyumba ndi yotani?"

Ndinati, "Auzeni kuti ndi kukonza injini zimene amuna a makolo ambiri alephera."

Anasekanso. Ine usiku wake tulo sindinatione. Ndinawasirira. Munthu wa kumeneko sangafe dzina.

Kenako Tiyamike anaimba foni. Anati wabadwa mwana wamwamuna, mchombo wagwa, koma alibe dzina.

"Amalume ako ku Kasungu ali ndi foni," ndinatero.

"Adadi, ine ndikudikira inu."

Chitsulo chatsopano cha injini chinali chisanafike kuchokera ku Berbera. Ngamila zinali kugona mozungulira thanki youma. Sindisiya ntchito pakati, choncho ndinakhala. Madzi atatuluka, akuluakulu anandipatsa nkhosa. Ndinaisiyira mayi amene ankatiphikira, n'kukwera lole ya ku Burao.

Ku Glasgow ndinafika kukugwa mvula. Ndinaima pabwalo osavala chipewa, mpaka Nabanda anatsegula zenera.

"Mwapengera kuchipululu kodi? Lowani, mudwala."

Aboma sadikira, choncho pa chikalata cha kubadwa anali atalembapo kale dzina la Chingerezi. Koma m'nyumbamo, ngakhale kutchalitchi, palibe amene ankalitchula. Onse ankangoti "mwana". Nabanda ndiye analamula zimenezo. Achimwene ake anatumiza dzina kawiri, iye anakana kawiri. Izi anandiuza ndi Tiyamike. Nabanda mwini wake sanandiuzepo mpaka lero.

Ndinamunyamula mwanayo n'kumutcha Mvula. Kenako ndinayamba kumuuza makolo ake monga amachitira ku Togdheer: mayi ake, ine, bambo anga, agogo anga.

Nabanda anati, "Mwayamba za Chisomali m'nyumba mwanga? Nanga amayi anga?"

"Atchuleni," ndinatero.

Anatchula akazi okhaokha, mndandanda wautali kuposa wanga. Atamaliza anatambasula manja kuti ndimupatse mwanayo. Sindinamupatse.