Masamba Pamsewu

Ndili panjinga, ndikupita kumunda, ndipo ndikuona masamba atayalidwa pamsewu. Pali maliro. Ndikutsika monga mwa mwambo, chipewa m'manja.

"Watisiya ndani?" ndikufunsa adzukulu amene akukumba manda pakati penipeni pa msewu.

"Ndinu, bambo. Taimani apa tikuyezeni."

Akundiyeza ndi bango. Pambali paima a Nabanda, mayi a kumpingo amene chaka ndi chaka ndimawayankha kuti ndidzatembenuka mtima tikakolola. Anyamula lichero la chimanga changa, chofumbwa kale.

"Mwakolola, achimwene. Nanga lero mutiuza zotani?"

Dothi landifika m'mawondo. Ndikukuwa, "Yesu, lero lomwe! Nditengeni ndi matope angawa!"

Lipenga likulira kuchokera m'belu la njinga yanga. Manda onse akusweka ngati makoko a mtedza, akufa akutuluka akusasa fumbi, malemu mayi anga patsogolo akuimba nthungululu. Mipini ya makasu a adzukulu yaphuka maluwa. Munthu wovala zoyera, wa zipsera m'manja, akutola masamba aja limodzilimodzi.

"Kwera njinga yako," akutero. "Kuno kulibenso maliro."

Ndadzuka ndikuseka, miyendo ikupalasabe m'bulangete.