Assou ndi Magolovesi a Chingwe

Chaka chilichonse chipale chofewa chikangoyamba kuyeretsa mapiri a kumtunda kwa Azrou, mlamu wanga Assou amatulukira pa benchi langa, ndipo chaka chilichonse timakangana. Ine ndine Yamna. Ndimaluka magolovesi ndi masokosi a ubweya wa nkhosa, n'kumagulitsa pa msika wa Lachiwiri. Iye ndi wojambula zithunzi kunkhalango ya mikungudza, kumene anthu a ku Casablanca amabwera kudzagendana ndi chipale ndi kudzalandidwa mtedza ndi anyani.

Munthu ameneyu akamasankha magolovesi ungalire. Achikopa sawafuna, ati akazizidwa amauma gwa, zala sizipindika. Onyezimira a m'sitolo aja ati amatulutsa thukuta, thukutalo n'kuzizira m'kati momwemo. Anga okhuthala ati sangamve batani la kamera. Amagwiragwira mulu wonse, kuvala, kuvula, kupinda chala m'mwamba ngati akudina kanthu kosaoneka, mpaka apeze opyapyala olukidwa mothinana. Akatero amatola sizasi yanga yomwe, pamaso panga, n'kudula nsonga ziwiri za dzanja lamanja, chala chachikulu ndi chamkombaphala.

"Alamu, bwanji osangogula nsanza?" ndimatero ine. "Ndathera maso pa zala zimenezo."

"Lukani chingwe, alamu," amangoyankha choncho.

Kudulako si kwachilendo, ojambula onse a kunkhalango amatero. Chachilendo ndi chingwecho. Assou amafuna ndilumikize magolovesi awiriwo ndi chingwe chachitali, chodutsa m'mikono ya mkanjo wake wa jelaba ndi kumsana, monga timachitira ndi ana aang'ono otaya zinthu. Bambo wa imvi zake! Anzake amamuseka akamamwa bisara, msuzi wotentha wa nyemba, m'mbali mwa msewu. "Assou, amako akuveka bwino lero? Botolo la mkaka sanaiwale?" Iye amaseka nawo pang'ono. Achinyamatawo sadziwa kanthu, koma akuluakulu nthabwala imeneyi saiyamba.

Assou anakwatira mng'ono wanga Hennou. Anali mtsikana wamakani, woluka bwino kuposa ine, ngakhale sindinamuuzepo. M'nyengo yozizira imene mwana wawo Siham anali akadali kubere, Hennou anamulukira mwamuna wake magolovesi a ubweya wakuda, okongola zedi. Assou atatenga sizasi, Hennou analumpha.

"Ndaluka zala khumi, inu mudule ziwiri? Yesani muone!"

Assou sanadule. Ankamukonda mkazi uja mopusa, ndipo ndikunena mawu amenewa ndikudziwa.

Tsiku lina Hennou anati, "Mumajambula akazi a eni tsiku ndi tsiku, ine ndilibe chithunzi ngakhale chimodzi." Anandisiyira mwana, iwo n'kukwera kunkhalango, kupitirira kumene kumathera alendo, pa mkungudza wina waukulu wokhala wokha pamwamba pa chitunda. Assou anamuimika pamenepo, namukonza mpango, n'kubwerera m'mbuyo. Ananena mawu amene wojambula aliyense amanena: "Ima pomwepo, usasunthe."

Golovesi losadula silidina batani. Analivula lonse, nalipanira kukhwapa. Mphepo inalitenga n'kuligubuduza kutsetsereko. Munthu wina aliyense akanalisiya, koma linali la Hennou. Anakuwa kuti, "Usasunthe, ndikubwera!" n'kulithamangira. Chipale chinagumuka pansi pa mapazi ake, anagwera m'chigwembe, mwendo n'kuthyoka. Ali m'menemo nkhungu inatsika, ija ya kuno yoti sutha kuona ngakhale dzanja lako.

Ife ana a m'mapiri timakula tikuuzidwa kuti nkhungu ikakupeza usayende, khala pamene anakusiya, adzakupeza pomwepo. Hennou anamvera makolo, anamveranso mwamuna wake, mwina kanali koyamba m'moyo wake kumvera munthu. Amuna a m'mudzi anam'peza Assou m'mawa mwake akukwawa, golovesi lili m'manja. Hennou anam'peza atamwalira kale pa mtengo paja, atakhala tsonga, atatsamira thunthu, nkhope italoza kumene kunali kamera. Mulungu amuchitire chifundo. Batani lija silinadinidwe, ndipo chithunzi cha Hennou palibe pa dziko lino.

Ndinamuda mlamu wanga zaka zambiri, sindibisa. Siham ndinamulera ine. Assou ankabwera ndi ufa, mafuta, nsapato za mwana, n'kukhala pakhomo osanena zambiri. Atachira mwendo anabwerera kuntchito, poti anali ndi ntchito ina iti? Koma mawu aja sanawatchulenso. Alendo amangowakwezera dzanja, ena mpaka amayesa ndi wosalankhula. Ku mtengo kuja sapitako. Ndipo mwana wake sanamujambulepo, ngakhale kamodzi. Zithunzi za kusukulu tinkakajambulitsa kwa anthu ena m'tauni, bambo ake ali ndi kamera pakhosi.

Kamodzi kokha anandiuza chifukwa. Ndinali ndikumuthirira tiyi, ndipo sindinamufunse n'komwe.

"Ndikaika diso pa kamera, alamu, nthawi zina ndimamuona. Kumbuyo kwa alendo, pakati pa mitengo. Wangoima. Akudikira ndidine."

Ndinamukalipira kuti asiye kulankhula zopanda pake pamaso pa chakudya, koma kuyambira pamenepo nane ndikapita kukatola nkhuni sindiyang'ana pakati pa mitengo.

Chaka chatha anafika pa benchi mochedwa, dzanja lamanja atalibisa m'thumba. Siham anali nane, akundithandiza kupinda masokosi. Anali atatomeredwa ndi mnyamata wa ku Kenitra, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, ukwati unali pafupi, ndipo tonse tinkadziwa kuti akapita kunyanjako sazibwera kawirikawiri.

"Tulutsani dzanjalo," ndinatero.

Chala chamkombaphala chinali chitada kunsonga ngati khala. Zaka zonse zija chikukhala pamtunda m'chisanu, chinatopa. Adokotala anali atamuuza kuti achidula, asankhe yekha tsiku koma lisakhale kutali.

Siham anachiyang'anitsitsa. Mwana ameneyu ali ndi mapewa a mayi ake, kayendedwe ka mayi ake, ndi makani omwe aja.

"Ababa, asanachidule mundijambule."

"Ojambula adzadza tauni yonse."

"Sindinabadwe kwa tauni yonse. Mundijambule inuyo, pa mtengo wa amayi. Ndikapita ku Kenitra ana anga adzandifunsa kuti agogo ankagwira ntchito yanji, ine ndidzawaonetsa chiyani? Zithunzi za anthu a ku Casablanca?"

"Iwe, usandiyese," anatero Assou. Anatembenuka kuti azipita.

Apa mtima wanga unandiwawa, ndipo ukandiwawa ndimakalipa. "Alamu! Mng'ono wanga anapempha chithunzi, sanachilandire. Uyunso mum'mana? Mukufuna akhale awiri okudikirani?"

Anaima chilili pakati pa msika, abulu akumudutsa uku ndi uku. Kenaka anabwerera, nayamba kugwiragwira mulu uja ndi dzanja lamanzere.

"Siyani zimenezo," ndinatero. "Ulendo uno ndisankha ndine."

Ndinamulukira ena apadera. M'kati opyapyala, kunja okhuthala, ndipo pa zala ziwiri zija ndinaika tizipewa topindikira kumbuyo, tomangira ndi batani la malaya, kuti chala chizituluka pa nthawi yodina yokha. Atawayesa anapinda chala chakudacho m'mwamba, nkhope n'kukwinyika ndi ululu.

"Chingwe?" anafunsa.

"Chilipo, bambo inu, chilipo. Ndachiluka pawiri."

Tinakwera atatu m'mawa wina kutacha bwino. Ine ndinali ndisanapondeko kumeneko chichitikire maliro, ndipo maondo anga ankandiuza kuti ndine wopusa. Assou ankatsogola, akutsimphina mwendo wake uja, osacheuka. Mtengo tinaupeza uli momwe unalili, waukulu, wokhawokha, chipale chitalemetsa nthambi. Kunali zii, ngakhale anyani kunalibe. Kumunsi m'chigwa kankhungu kopyapyala kanali katayamba kukwera pang'onopang'ono. Tonse tinakaona, palibe anakatchula.

Siham anapita yekha pa thunthu paja. Palibe anamulozera malo, koma anaima ndendende pamene anthu amati anapezeka mayi ake. Anakonza mpango, naika manja pamodzi, n'kuwongoka.

Assou anabwerera m'mbuyo, natsegula kachipewa ka chala, naika diso pa kamera. Ndinali pambali pake, ndinkamva kupuma kwake. Chala chinali pa batani koma sichinkatsika. Sindidziwa ngati chinali chitafa kale kapena ndi zimene ankaona m'menemo. Nkhungu inafika pa mitengo ya kumunsi n'kuimeza.

"Ababa," anaitana Siham, "ndiime chonchi? Sindisuntha."

Mayo ine! Assou anakuwa mawu amene sindinamvepo akutuluka m'kamwa mwa munthu.

"Ayi! Usaime! Yenda! Choka pamenepo, bwera kuno, bwera kwa ine!"

Mwana anadzidzimuka, nayamba kuyenda, kenaka kuthamanga, akutitimira m'chipale mpaka m'maondo, mpango ukuuluka. Ndinamva batani likuti tcha, kamodzi. Assou anasiya kamera ikulendewera pakhosi n'kumugwira mwana wake ndi manja onse awiri, mwamphamvu moti Siham anadandaula kuti akumupweteka. Tinatsika mofulumira, atamugwirabe pamkono, nkhungu ikutitsata kumbuyo.

Chala anachidula ukwati usanachitike. Pa ukwatipo amene anajambula ndi anthu ena.

Patapita masiku anabwera kunyumba kwanga, dzanja lili m'bandeji, naika chithunzi pa thebulo pafupi ndi buledi. Kunena zoona, ngati ntchito ya wojambula wa zaka zonse zija, n'chochititsa manyazi. Mtengo wokha ndiwo waoneka bwino. Munthuyo ndi mbuu, nkhope siidziwika, mpango wangokhala mzere. Chooneka n'chakuti ndi mkazi, phewa limodzi latsika pang'ono, ndipo akuchokera pa mtengo kubwera kwa amene wagwira chithunzicho.

Ndinafuna kunena kuti Siham adzakwiya nacho. Pakamwa panga panatuluka dzina lina.

"Hennou."

Assou anagwedeza mutu movomereza, maso ali pa chithunzi pomwepo. Anali atatsukitsa ziwiri, china cha ku Kenitra, china chake.

"Wachokapo pa mtengo paja, alamu," anatero. "Onani, akubwera."