Khofi wa mumtsuko

Chaka chimene makuponi a feteleza anatilumpha kachiwiri, fodya wathu ku Kaomba anatuluka wachikasu, timasamba tokwinyika. Bambo wa mwana wanga anali atalowera kale kwa mkazi wina. Ndinatenga Tadala, akuyamba kumene kuyenda, n'kukamusiya kwa akulu anga a Nabanda. Ndinawauza kuti ndibwerako mvula isanagwe kawiri. Kenako ndinakwera basi ya ku Joni.

Ntchito ndinaipeza m'nyumba ya mayi wina wachizungu amene ankamwa khofi wozizira. Sanali wowiritsa n'kusiya kuti apole ayi, anali wonyika m'madzi ozizira. Tsiku loyamba ndinamupera mpaka anasalala ngati ufa woyera. Anatuluka wamatope, wowawa, wokana kudutsa pansalu yosefera. Mayiyo sanakalipe. Anandithira khofi wina padzanja kuti ndimve kukhakhala kwake, ngati mphale yosweka. Nthawinso ndinaiphunzira molakwitsa. Wonyika m'mawa n'kusefa masana amangokhala madzi odetsedwa. Wonyika madzulo n'kusefa mawa lake dzuwa litakwera amatsekemera yekha popanda shuga. Akagona kawiri amamveka khungwa la mtengo.

Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Sabata inkatha osayankhula Chichewa ndi munthu, moti nthawi zina ndinkadziyankhula ndekha posefa khofiyo. Lamlungu ndinkaimba foni.

“Mwanayu akukula, bwera adzakuone,” ankatero a Nabanda.

“Chaka chamawa, akulu. Ndingomaliza za malata.”

Malata atakwana panabwera fizi, kenako feteleza wa chaka china. Kunena zoona, ndinkaopanso kubwera manja ali opepuka pomwe anzanga ankafika ndi magalimoto.

Nditabwera, Tadala anali namwali wamtali kundiposa. Chinamwali chake chinachitika ine kulibe. Anandigwadira patali, n'kundilandira zikwama monga amachitira mwana woleredwa bwino.

Ndinali nditabwera ndi khofi wosapera. Ndinamuitana kuti tisinjire limodzi mumtondo, pofuna kuti tikhaleko awiri.

“Usalimbitse munsi. Angosweka basi, asakhale ufa.”

Anasinja mosamala. Tinanyika mumtsuko n'kuuika pakona pozizira, ndipo m'mawa tinasefa ndi kachitenje koyera. Anatuluka bwino kuposa amene ndinkapanga ku Joni. Tadala analawa, anamwetulira pang'ono, ananyamula kapuyo n'kuthamangira nayo kumunda wa soya kumene a Nabanda ankapalira.

“Amayi! Talawani zomwe apanga anti!”

Ndinatsala ndi nsalu yonyowa m'manja. Palibe amene anamunamiza mwanayo. Amadziwa bwino amene anamubereka. Koma malungo atamugwira, amene anamubereka kumsana mpaka kuchipatala cha ku Chamama ndi a Nabanda, ndipo ndi iwo amene amadziwa kuti sadya therere.

Masana anandiikira mpando pakhonde la nyumba ya malata anga aja, n'kundibweretsera chakudya m'mbale zagalasi zimene amasungira abusa akabwera. A Nabanda ndi Tadala anakhala pamphasa kuseri, akudyera m'mbale imodzi, akuseka nkhani za anthu amene sindikuwadziwa.

Ndinanyamula mbale yanga kupita komweko. Tadala anadzuka msangamsanga.

“Khalani pampando, anti. Pano mudetsa zovala.”