Chitseko cha galimoto ya bambo

A Gondwe, lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni. Ndakumbuka sabata ya chisankho, mu Meyi 1994. Anthu ali kalikiliki ndi za zipani, inu munali pa galaja yanu ku Chibavi, kulimbana ndi galimoto yakale imene malemu bambo anga anandisiyira. Loweruka inkayenera kunyamula mwana wanga wamkazi pa ukwati wake, koma chitseko chakumbuyo chinali chitapendekeka, osatsekeka. Ine ndinati tingomanga ndi waya. Munandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mkwatibwi azitulukira pa windo?"

Munachimasula kanayi, ndinkawerenga. Mukachibwezera, munkayendetsa kamtengo ka machesi mu mpata wa chitseko, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kakakanirira penapake, munkamasulanso mabawuti n'kuikira kachidutswa ka chitini kuseri kwa hinjesi. Lachitatu cha m'ma 4 koloko masana kamtengo kanadutsa bwinobwino. Munakankha ndi chala chimodzi, chitseko n'kuti khu! "Makora chomene!" munakuwa m'chinenero chakwanu kuti zakhala bwino kwambiri, mpaka mayi wogulitsa nthochi panja analulutira, kuyesa zotsatira za chisankho zatuluka. Loweruka mwana wanga anatsika pa tchalitchi diresi lake osakodwa paliponse. Gonani bwino, mmisiri wanga.