Homuweki ya Esinati yawambidwa ndi milamba

Mwaswera bwanji nonse.

Dzulo mwana wanga Esinati, wa Sitandade 8 uja, anagwera m'madzi powoloka madzi osefukira pa bwato kuchokera kusukulu. Ali bwino, musadandaule. Chinapendeketsa bwato ndi chikwama chake cha homuweki. Wopalasa akuti anawolotsapo ng'ombe, koma katundu wolemera chonchi sanamuonepo. Ndikulumbira, sindikuwonjezera.

Makope asanu ananyoweratu. Poti dzuwa kunalibe, mayi ake anawayala pa waya wowambira milamba. Anauma bwino, mpaka kufiira mokoma. Lero agalu atatu amuperekeza mpaka m'kalasi, mmodzi wakhala kutsogolo.

Aphunzitsi anunkhiza kope n'kunena kuti, "Iyi si homuweki, ndi ndiwo. Ukalembenso zonse, mawa zifike."

Ndapita kukadandaula kuti mwanayu wawonda, chala chatupa, kusewera anaiwala. Akuti, "Bambo, mayeso sadziwa za madzi osefukira." Ndikutuluka, andifunsa ngati milamba yatsalako kunyumba.

Panopa Esinati akulira, akuti sukulu wasiya. Ndiye achimwene ndi alongo, ndilangizeni: alembenso makope asanu onsewo, kapena ndiwatumizire aphunzitsiwo makope omwewa pamodzi ndi tomato ndi anyezi?